Opita Kunja Kukaphunzira za Nthaka Abwerere ku Munda

Chaka ndi chaka, pa mabwalo a ndege a ku Lumbadzi ndi ku Chileka pamanyamuka ana a dziko lino amene ntchito yawo ndi yosamalira nthaka, madzi ndi nkhalango. Ena amapita kwa masabata awiri okha, ena kwa miyezi itatu, ndipo ena amakakhala zaka ziwiri zathunthu kufikira atatenga digiri yachiwiri. Amapita ku Japan, ku Netherlands, ku Britain, ku China, ku Kenya ndi kwina kotero, pa maphunziro amene Boma limagwirizana ndi maiko omwe ali pa ubale ndi Malawi. Masiku ano pakumveka anthu ena akung'ung'udza kuti maulendo amenewa ndi kungomwaza ndalama, popeza nthaka ikunka nikokolokabe ngakhale akatswiriwo apite ndi kubwera. Anthu oterewa sayenera kunyozedwa, pakuti m'dandaulo lawo muli choonadi china. Koma akulakwa pamene akunena kuti maulendowo athe. Boma likuchita bwino potumiza ana ake kukaphunzira. Chofunika kuchiunika bwino ndi chakuti ndani akupita, akupita kuti, ndipo akabwera akukagwira ntchito pati.

Nkhaniyi si yamasewera ayi. Pa kalembera wa 1966 dziko lino lidali ndi anthu pafupifupi 4 miliyoni, koma pa kalembera wa 2018 adapezeka anthu 17.5 miliyoni, pa nthaka yomwe ija, yosaonjezekera ngakhale phazi limodzi. Minda yakwera m'mapiri momwe makolo ankangotolamo nkhuni ndi kuzula bowa. Mu 1992 akatswiri a World Bank adayerekeza kuti hekitala iliyonse m'dziko muno imataya matani 20 a nthaka pa chaka, ndipo kafukufuku amene Boma lidachita pamodzi ndi mabungwe a United Nations adapeza kuti pofika 2014 chiwerengerocho chidali pa matani 29. Nthaka imeneyi imapita pamodzi ndi feteleza amene mlimi wagula ndi ndalama zosowa. Imatsika ndi mitsinje ya Rivirivi, Lunzu, Lisungwi ndi Mkulumadzi kukalowa mu Shire, nikadzaza matope pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene kumachokera magetsi ochuluka a dziko lino. M'mwezi wa January 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. M'mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy adagumula phiri la Soche, matope ndi miyala nkutsikira pa nyumba za anthu a ku Chilobwe, ndipo ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu kudagwanso zoopsa zomwezo. Anthu oposa 600 adataya miyoyo yawo, mazana ena osapezeka konse. Inde, namondwe salamulidwa ndi munthu, koma phiri lovala mitengo ndi phiri lometedwa mpala sizilandira mvula mofanana.

Tsono dziko limene lili m'mavuto otere silingakane nzeru, ichokere kumene ichokere. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Komabe mbiri ya dziko lino ikuonetsa kuti kalumo komweko kamatha kutema mwini nyumba ngati wogwirayo sasamala.

Kutengera nzeru zosamalira nthaka kwa anthu akunja sikudayambe lero, ndipo chiyambi chake chidali chowawa. M'zaka za m'ma 1930 dziko la America lidaona tsoka lalikulu: chilala ndi mphepo zidanyamula nthaka ya m'zigwa zake zapakati, fumbi nkuphimba dzuwa masanasana, mabanja zikwizikwi nkusiya minda yawo. Mu 1935 boma la dzikolo lidakhazikitsa nthambi yosamalira nthaka yotchedwa Soil Conservation Service, motsogozedwa ndi Hugh Bennett, ndipo mbiri ya nthambiyi idawanda pa dziko lonse lapansi. Akuluakulu a zaulimi a m'maiko olamulidwa ndi Britain adayamba kuoloka nyanja kukaona migula ndi ngalande za ku America. Mmodzi wa iwo adali Colin Maher wa ku Kenya, ndipo Bennett mwini wake adafika ku South Africa mu 1944. Amene adapitawo adabwera ndi mabuku, miyeso ndi changu chosaneneka. Chimene sadachilingalire nchakuti mlimi wa ku America ankakumba migula yake ndi mathirakitala ndi akavalo, pa munda wake waukulu, boma lake likumuthandiza, pamene mayi wa ku Ntcheu adali ndi khasu lake lokha ndi mwana kumbuyo.

Ku Nyasaland nzeru imeneyi idafika itavala yunifolomu. Lamulo la zachilengedwe la 1946, limene lidakhwimitsidwa pambuyo pa njala ya 1949, lidabala chimene okalamba akuchikumbukirabe ndi dzina lakuti malimidwe. Munthu wosapanga mizere yopingasa kapena migula pofika tsiku loikika ankalipitsidwa chindapusa. Ena ankatsekeredwa m'ndende, ndipo ena mbewu zawo zinkazulidwa iwo akupenya. Ku Chigwa cha Shire, kumene malo ambiri ndi athyathyathya ndipo anthu adali ndi kalimidwe kawo koyenerana ndi kutentha kwa kumeneko, lamulolo lidakakamizidwa chimodzimodzi ngati kumapiri, ndipo anthu adaitcha nkhondo ya mitumbira. Ku Ntcheu, Inkosi Gomani II idachotsedwa pa mpando mu 1953 italimbikitsa anthu ake kusamvera malamulo a malimidwe pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo idamwalira chaka chotsatira. Mlangizi, amene adayenera kukhala bwenzi la mlimi, adasanduka kapitao woopedwa, wakuti akaonekera kumapeto kwa mudzi anthu ankathawira kuthengo. Chodabwitsa nchakuti nzeru zina mwa zimenezo sizidali zoipa konse. Mizere yopingasa imene anthu ankamangidwira ndi yomweyo imene lero mlimi aliyense amapanga popanda womuuza. Atsamunda adalakwitsa poganiza kuti zimene zidaoneka bwino ku America zingathe kukhuthulidwa pa mutu pa munthu wakumudzi popanda kumufunsa.

Chikakamizo chimenechi chidatha pamene anthu a dziko lino adayamba kudzilamulira. Pambuyo pa chisankho cha August 1961, malemu Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda adatenga unduna wa zachilengedwe, umene unkayang'aniranso zaulimi, ndipo m'malo mwa chindapusa mudalowa kulangiza ndi kunyengerera. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 mu unduna wa zaulimi mudakhazikitsidwa nthambi ya Land Husbandry, dzina limene tanthauzo lake ndi kulera nthaka monga momwe munthu amalerera ziweto zake. Nthambiyi, imene lero ndi Department of Land Resources Conservation, idakhala ndi malo ake ophunzitsira ku Zomba, ndipo mu 1977 idatulutsa buku lotsogolera ntchito yake, lolembedwa ndi T. F. Shaxson ndi anzake. Nzeru ya nthambiyi idali yakuti mgula pawokha suchiza nthaka. Chimachiza ndi mbewu yopiliridwa bwino, manyowa, zinyalala zophimba pansi ndi mlimi amene akuona phindu pa zimene akuchita. Mu 1989 Shaxson ndi akatswiri ena a maiko osiyanasiyana adalemba buku lofalitsa ganizo limeneli, ndipo mawu akuti Land Husbandry adamveka ku Asia ndi ku South America. Ndi chinthu chonyaditsa kuti ganizo limene lidakhwimira m'minda ya Malawi lidakaphunzitsa maiko ena, ngakhale ana ambiri a sukulu lero sadziwa zimenezi.

Mmodzi wa amene adalemba nawo bukulo adali Norman Hudson, ndipo nkhani yake ikuonetsa bwino momwe nzeru imayendera. M'zaka za m'ma 1950 Hudson ankagwira ntchito pa malo a kafukufuku a Henderson, kufupi ndi Mazowe, m'dziko limene lero ndi Zimbabwe. Adakonza timinda tiwiri tofanana, tonse topanda mbewu kapena udzu. Pamwamba pa kamunda kamodzi adayalapo sefa wa waya, wonga wotchingira udzudzu pa mawindo, kotero kuti mvula yonse inkafikabe pansi koma madontho ake atasweka ndi kutha mphamvu. Patapita zaka, kamunda kosaphimba kadataya nthaka yochuluka koposa ka 100 poyerekeza ndi kophimbako. Apa padadziwika kuti mdani woyamba wa nthaka ndi dontho la mvula lomenya pansi posavala, ndipo madzi othamanga amangonyamula zimene dontholo laphwanya kale. Hudson adapita ndi nzeru imeneyi ku sukulu ya Silsoe ku England, kumene adaphunzitsa anyamata ndi asungwana ochokera m'maiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo a ku Malawi. Motero zimene zidapezeka kwa anansi kuseri kwa Zambezi zidazungulira ku Ulaya zisanafike kuno. Mlangizi amene lero amauza mlimi kuti asatenthe mapesi koma awayale m'munda akulankhula za sefa uja, kaya akudziwa kaya sakudziwa.

Palinso luso lina limene nkoyenera kukalitenga kumene lidakula. Sukulu ya ITC ku Netherlands, imene idayamba mu 1950 ku Delft nisamukira ku Enschede mu 1971, yaphunzitsa anthu ambiri a mu Africa kuwerenga zithunzi zojambulidwa m'ndege, ndipo masiku ano zojambulidwa ndi masetilaiti, kuti adziwe phiri limene likuvulidwa, chigwembe chimene chikukula ndi malo amene angagumuke. Dziko limene mu 2016 lidalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nthaka yoguga pofika 2030 silingachite popanda anthu odziwa kuyeza zinthu zotere. Amene akuti maulendo athe ayambe ayankha kuti ntchito imeneyi adzaigwira ndani.

Koma ulendo umene uyenera kukhala chitsanzo kwa onse okonza maulendo sudali wa anthu a madigiri ayi. Udachitika ku West Africa. M'chigawo cha Yatenga, kumpoto kwa Burkina Faso, chilala cha zaka za m'ma 1970 ndi 1980 chidasiya nthaka yolimba ngati pabwalo losinjirira, yosamera kanthu. Mlimi wina wa m'mudzi wa Gourga, Yacouba Sawadogo, munthu wosapita patali ndi sukulu, adatsitsimutsa njira yamakolo yotchedwa zai. Ankakumba maenje m'chilimwe, nathiramo manyowa. Chiswe chinkabwera kudzadya manyowawo nichiboola timauna, ndipo mvula ikagwa madzi ankaima m'dzenjemo nalowa pansi m'malo mothamanga. M'maenje amenewo munkamera mapira, mchewere ndi mitengo. Mu 1989 alimi 13 a ku Illela m'dziko la Niger adatengedwa kukaona minda ya ku Yatenga. Adaona ndi maso awo, adagwira dothi ndi manja, adafunsa alimi anzawo mafunso amene mlimi yekha ndiye angafunse. Atabwerera kwawo ena adayesa pa tizigawo ta minda yawo, anansi nkuona kusiyana kwa mbewu, ndipo m'zaka zochepa mahekitala zikwi zingapo za nthaka imene idatayidwa zidayambanso kubereka, kufikira anthu adayamba kugulana malo oguga amene kale munthu sakadawalandira ngakhale aulere. Sawadogo adalandira mphotho ya Right Livelihood mu 2018, ndipo adamwalira mu 2023.

Ulendo umenewu udaphula kanthu chifukwa opitawo adali eni minda, adapita ku dziko lofanana ndi lawo pa mvula, pa nthaka ndi pa umphawi, ndipo atabwera adabwerera kumunda. Zinthu zitatu zimenezi ndizo zimasowa kawirikawiri pa maulendo a masiku ano.

Sichinsinsi kuti pa maofesi ena kalata yoitana munthu ku maphunziro akunja ikafika imathera pa desiki pamene yafikirapo. Amapita ndi mkulu amene wapita kale kasanu, amene watsala zaka ziwiri kuti apume pa ntchito, pamene mlangizi wakumudzi, amene amapalasa njinga kuyendera mabanja oposa 1,000, sadziwa nkomwe kuti kalatayo idabwera. Ena amauona ulendo ngati mwayi wa alawansi ndi wogula katundu. Ena akabwera ndi digiri amakwezedwa nthawi yomweyo kupita ku likulu, kumene ntchito yawo imasanduka yokhala pa misonkhano ya m'mahotela a kunyanja, ndipo ena amachoka m'Boma chaka chisanathe kukalowa ntchito ku mabungwe olipira bwino. Lipoti la ulendo limalembedwa m'Chingerezi chozama, nilitsekeredwa m'kabati. Anthu ochita zotere ndi ochepa, ndipo sayenera kudetsa mbiri ya ambiri amene amagwira ntchito mokhulupirika m'malo ovuta, koma ndi okwanira kupereka chonena kwa ong'ung'udza. Akuchita zosemphana ndi cholinga cha Boma, pakuti ndalama zimene zidawatumiza zidaperekedwa m'dzina la mlimi wa ku Neno ndi ku Chitipa.

Kuyenera kunenedwanso kuti amayi ndiwo amagwira ntchito yochuluka ya m'munda m'dziko muno. Gulu lopita kukaphunzira za nthaka limene mulibe amayi lasiya m'mbuyo eni ake a khasu.

Njira yabwino yaonekapo kale konkuno. Dziko la Japan, limene lakhala likutumiza achinyamata ake odzipereka kuno kuyambira 1971, lidagwirizana ndi Boma mu 2007 pa ntchito yotchedwa COVAMS m'dera lapakati la mtsinje wa Shire, kuyambira m'boma la Blantyre. Maphunziro a ntchitoyi ankachitikira m'mudzi momwemo, otsegukira aliyense wofuna, ndipo ophunzitsa adali alimi otsogolera osankhidwa ndi anzawo, amene ankaonetsa kuyeza akalozera, kutseka zigwembe ndi kufesa mitengo. Udzu wa vetiva nawo udayenda ulendo wautali: John Greenfield adauona ukugwira nthaka m'minda ya nzimbe ku Fiji, nakaufalitsa ku India m'zaka za m'ma 1980 ali ndi World Bank, ndipo m'zaka za m'ma 1990 udafala m'minda ya Malawi. Udakhazikika chifukwa mlimi amatha kuuzula kwa mnansi wake nakaudzala yekha popanda kugula kanthu, ndiponso amafolera nawo nyumba.

Chimene chikuchititsa kuti nkhaniyi ikhale yachangu ndi ndalama. Kwa zaka zambiri maulendo amenewa akhala akulipiridwa ndi maiko akunja, koma chitsime chimenecho chikuphwa. Britain idatsitsa thandizo lake kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti ya chuma chake mu 2021, ndipo mu February 2025 idalengeza kuti lidzatsikanso kufika pa 0.3 pofika 2027. Bungwe la USAID la ku America, limene m'zaka za m'ma 1990 lidathandiza kwambiri kufalitsa ulimi wophatikiza mitengo ndi mbewu m'dziko muno, lidatsekedwa mu 2025. Malo a maphunziro akhala ochepa, ndipo malo alionse otayidwa pa munthu wosayenera ndi chitayiko chachikulu kuposa kale. Mtundu wodzilamulira suyeneranso kudikira kuti mlendo ndiye ausankhire chimene ana ake akaphunzire. Ndalama imene imatumiza munthu mmodzi ku Ulaya kwa chaka ingathe kunyamula basi yodzaza ndi alangizi ndi alimi kukaona minda ya ku Chipata ku Zambia, kapena kutumiza kagulu ku Machakos ku Kenya, kumene alimi amakumba ngalande naponya dothi kumtunda, njira imene amaitcha fanya juu, kufikira mapiri awo adasanduka masitepe. Nzeru yotere si yachilendo m'chigawo chino. Bungwe la SADCC litakhazikitsidwa mu 1980, m'zaka zotsatira maiko adagawana ntchito: Lesotho idapatsidwa kutsogolera zosamalira nthaka ndi madzi, ndipo Malawi idapatsidwa za nsomba, nkhalango ndi nyama zakutchire.

Ndipo kusinthana kumatanthauza kuti nawo alendo abwere kudzaphunzira kuno. M'mbali mwa nyanja ku Salima ndi ku Mangochi, ndi ku Bolero m'boma la Rumphi, alimi akhala akusunga mtengo wa msangu m'minda mwawo kuyambira kale, podziwa kuti umayoyola masamba nthawi ya dzinja, pamene chimanga chikufuna dzuwa ndi chonde, nuphukanso m'chilimwe. Palibe katswiri wakunja amene adawaphunzitsa zimenezi. Akatswiriwo ndiwo adabwera kudzayeza ndi kulemba. Ku Makoka, kufupi ndi Zomba, kafukufuku wodzala chimanga pamodzi ndi mtengo wa gliricidia, amene adayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndi wodziwika kwa akatswiri a maiko ambiri. Sukulu za Bunda ndi Natural Resources College, zimene tsopano zili pansi pa LUANAR, pamodzi ndi sukulu ya zankhalango ya ku Dedza, ziyenera kulimbikitsidwa kuti munthu mmodzi wobwera kunja aphunzitse makumi asanu konkuno, ndi kuti ana a maiko oyandikana nawo azibwera kudzakhala m'makalasi mwake.

Chotero akuluakulu a maunduna okhudzidwa akupemphedwa kuti mwayi wa maphunziro uzilengezedwa poyera kufikira ku maofesi a zaulimi a m'madera, ndi kuti pa gulu lililonse lopita kunja pazikhala alangizi akumudzi, amayi ndi alimi otsogolera. Wopita pa ndalama za Boma kapena za abwenzi a Boma azilonjeza polemba kuti akabwera adzagwira ntchito zaka zingapo m'boma limene adachokera, ndipo Boma nalo lizimupatsa nyumba, njinga yamoto ndi zipangizo, pakuti nkulakwa kumanga munthu pa malo pamene alibe chogwirira ntchito. Lipoti lake lizikhala ndi tsamba limodzi la m'chinenero cha anthu a m'deralo, loti nkuwerengedwa pa bwalo la mfumu.

Atsogoleri a Chipani a m'nthambi, m'madera ndi m'maboma, pamodzi ndi mafumu, ali ndi gawo lawo. Iwo ndiwo amadziwa mwana wa m'dera lawo amene wabwera kumene kuchokera kunja. Amuitane mwaulemu, osati kudzalankhula pa nsanja, koma kudzaima m'munda wotsetsereka wa munthu wamba ndi chingwe, zikhomo ndi khasu, anthu a m'mudzi atazungulira ndi kumufunsa mafunso. Atsogoleriwo akumbukire za malimidwe, ndipo pasapezeke wina woopseza mlimi ndi chindapusa m'dzina la chitukuko. Nthawi yoyenera ntchito imeneyi ndi miyezi ya July, August ndi September, anthu atakolola ndipo asanayambe kugalauza, kuti akalozera akhale atayezedwa ndi mizere itawongoledwa mvula yoyamba isanagwe.